Lachinayi Mudzandipeza Pakhomo

Madzi atatha masiku asanu osatuluka m'mipope, bambo ake a Kanong'ono analawirira kutulutsa bolodi lawo lakuda n'kulitsamiritsa pakhomo la nyumba yawo yometeramo tsitsi. Anaima kaye, choko chili m'manja, kenaka analemba kuti: "Wolonjeza amayenda chopepuka, mtolo amasenza ndi wodikira."

Amayi amene anali pamzere ndi zidebe kudikira galimoto ya madzi anafa nalo phwete. Dzulo lake lomwelo mkulu wina anali atalonjeza pa wailesi kuti madzi atuluka dzuwa lisanalowe.

Bolodi limenelo silinkagona ndi njala. Mafuta akakwera mtengo, mawu analipo. Magetsi akazima, mawu analipo. Ndipo onsewo ankachokera m'sewero limodzi lakalekale lotchedwa Mlendo wa Lachinayi, limene bamboyo ndi anzake akhala akusewera muholo kwa zaka makumi atatu. N'chifukwa chake aliyense ankangowatchula kuti a Sewero. Akazi awo ankadandaula kuti ngakhale popempha mchere amuna awo amayamba afufuza kaye ngati pali gawo lonena za mchere.

Nkhani ya seweroli inali yaifupi. Mlendo wokoma pakamwa ankabwera Lachinayi lililonse kwa telala wina, mpaka anapempha mwana wake wamkazi. Atamulola, anati akukatenga abale ake, ndipo sanabwerenso. Katani inkatsekedwa mtsikanayo akadali chiimire pakhomo. A Sewero ankasewera ngati telalayo.

Kanong'ono anakulira kuseri kwa katani imeneyo. Kuyambira ali ndi zaka khumi, ntchito yake inali yokhala pakampando, kope la sewero lili pamiyendo, n'kumanong'oneza wosewera aliyense amene waiwala mawu. Lamulo la bambo ake linali limodzi: munthu akakhala chete, upume katatu, kenaka umupatse mawu. Dzina lake linachokera pamenepo.

Tsono taonani zimene mtima umachita. Mtsikana wokulira m'nyumba yodzaza mawu anakakonda munthu wopanda mawu. Mnyamatayo, amene anthu ankangomutcha Wamipope, anabwera miyezi inayi yapitayo kudzakonza sinki ya mometeramo, ndipo tsiku lonse analankhula katatu: "Zikomo", "Yatheka", ndi "Tsalani bwino". Koma mawa lake anabwereranso kudzaona ngati sinkiyo ikudontha, mkuja wake anabweranso, mpaka Kanong'ono anazindikira kuti chodontha si sinki ayi.

M'mawa umenewo Wamipope anali m'dzenje pakona pamsewu pamodzi ndi anzake, matope mpaka m'mawondo, kufunafuna pamene mpope waukulu unaphulika. Kanong'ono anadutsa pafupi ngati akupita kugolosale.

"Bambo avomera kuti udzaonane nawo," anatero motsitsa mawu. "Ubwere Lamlungu masana."

Wamipope anaponya fosholo pansi. Nkhope yake inaoneka ngati wauzidwa za maliro.

*

Madzulo ake foni ya Kanong'ono sinapume.

"Ndikanene chiyani kwa bambo ako?"

"Zimene zili mumtima mwako."

"Mumtima zilimo zambiri. Vuto ndi potulukira."

"Ndiwe wamipope iwe, tsegula."

Wamipope anatumiza kankhope koseka. Uthenga wina utabwera unali woti: "Usadandaule. Ndapeza wondithandiza."

Kanong'ono anafunsa kuti ndani, koma yankho linali loti aona yekha. Iye anamwetulira n'kuika foni pansi, akuganiza kuti mwina ndi mlongo wake wa mnyamatayo. Akanadziwa, akanathamanga wopanda nsapato kukamuletsa.

Loweruka Kanong'ono anaona Wamipope ataima pansi pa mtengo ndi Mphunzitsi. Mphunzitsiyo ndi amene ankasewera ngati mlendo m'sewero muja, mnyamata wa nsapato zowala amene a Sewero ankamutcha "mwana wanga wa pasiteji". Anali atamufunsira Kanong'ono kawiri, n'kukanidwa kawiri, ndipo kawiri konseko anayankha kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Tsiku limenelo anali atagwira Wamipope paphewa ngati m'bale wake. Kanong'ono anafuna kuyandikira, koma amayi ake anamuitana kuti akawathandize kusenza madzi, nkhaniyo n'kumuchoka m'mutu.

*

Lamlungu Wamipope anafika atavala jekete lomuthina m'mapewa. Anakhala kumapeto kwenikweni kwa mpando ngati akuopa kuuthyola. Amayi anabweretsa tiyi wophika ndi madzi ogula, a Sewero anakhala pampando wawo wa pawindo, ndipo Kanong'ono anakaima kuseri kwa katani yotchinga khomo la kukhitchini.

Atalonjerana, a Sewero anati, "Tamva kuti muli ndi mawu. Tatchera khutu."

Wamipope anaimirira, nakhosomola, n'kuyang'ana pakhoma.

"Bambo, sindinabwere kudzazimitsa nyali ya m'nyumba mwanu. Ndabwera kudzapempha kuti iwalirenso ine. Muwerenge masiku, Lachinayi mudzandipeza pakhomo."

Kuseri kwa katani, Kanong'ono anawazindikira mawuwo nthawi yomweyo. Amenewo anali mawu a mlendo, gawo lachitatu, mawu omwe aja amene wabodzayo amanena asanathawe. Amayi anaika kapu pansi pang'onopang'ono.

A Sewero sanakalipe. Anamuyang'ana mnyamatayo kuyambira kumutu mpaka kumapazi, kenaka anayankha ndi liwu lawo la pasiteji, liwu la telala: "Nyali ndi yanga, mafuta ake ndi misozi ya mayi wake. Ukaitenga, udzaitchinjiriza ndi chiyani kumphepo?"

Wamipope anatsegula pakamwa, osatuluka kanthu. Pakapepala kamene analoweza panalibe zimenezo. Thukuta linayamba kutsika m'khosi mwake.

Kanong'ono sanaganize n'komwe. Panali katani, panali munthu wosowa mawu, ndipo thupi lake linachita zimene linazolowera kwa zaka khumi ndi zinayi. Anapuma kamodzi, kawiri, katatu.

"Ndi manja anga awiriwa, bambo. Akapsa, apse," ananong'ona.

"Ndi manja anga awiriwa, bambo. Akapsa, apse!" anabwereza Wamipope mokweza, nkhope ikuwala ngati wapulumuka.

Khutu la a Sewero linkaudziwa bwino mnong'ono umenewo. Anatembenukira kukatani.

"Tuluka, mwana iwe."

Kanong'ono anatuluka atagwira pakamwa.

"Ndiye kuti wamuphunzitsa ndiwe? Pa mawu onse a m'kope lija, wasankha awa kuti adzandinamize nawo m'nyumba mwanga?"

"Bambo, si choncho, ine..."

"Lumbiro limeneli ndalimva kambirimbiri," anatero a Sewero, tsopano ndi liwu lawo lenileni. "Chaka ndi chaka ndimapereka mwana wanga kwa munthu wolankhula chonchi, ndipo sanabwerepo n'kamodzi komwe. Kuja ndi kusewera. Kuno sindipereka. Achimwene, khomo ndi limene munalowera lija."

*

Kanong'ono anamupeza Wamipope pakona, ataima pafupi ndi dzenje lake, jekete lili m'manja.

"Anakupatsa ndani mawu amene aja?"

"Aphunzitsi. Anati bambo ako amakonda sewero, ndiye ndikanena zimenezi agwetsa misozi."

"Inde atsala pang'ono kugwetsa! Iwe, seweroli unalionerapo?"

"Ayi."

"Ndiye ukaloweza bwanji mawu a munthu osadziwa kuti anathera kuti?"

Anamufotokozera nkhani yonse, ndipo pamene ankafika pa mtsikana woima pakhomo, Wamipope anali atakhala pamulu wa dothi, mutu uli m'manja.

"Koma mawuwo ndi abwino," anatero mofooka. "Ine ndimanena zoona."

"N'chimene chikundipweteka. Ndinakuuza kuti ukanene zako."

"Zanga ndi ziti? Kwanu aliyense akatsegula pakamwa pamatuluka maluwa. Ine ndikanati chiyani, kuti ndimadziwa kumanga mipope?"

"Ukanatero! Ine ndinakana munthu wa maluwa kawiri konse chifukwa cha iwe."

Wamipope anadzuka kuti azipita. Kanong'ono anali atakwiya, komanso ankamumvera chisoni, ndipo ankadziwa kuti theka la mlanduwo linali lake. Anathamangira kunyumba, natenga kope lake lakale la sewero, losanduka lofiira m'mbali chifukwa cha zala, n'kukaliponya m'manja mwa mnyamatayo.

"Werenga, udziwe munthu amene wamubwereka pakamwa."

*

Lolemba bolodi linati: "Mlendo akakoma pakamwa, werenga mbale zako." Anthu apamzere anaganiza kuti akunena mkulu wa pa wailesi uja, amene tsopano ankati madzi atuluka sabata ino ndithu. Kanong'ono yekha ndi amene ankadziwa kumene mwalawo unkapita.

Anatumiza mauthenga atatu kwa Wamipope. Onse anawerengedwa, koma yankho silinabwere. M'dzenje muja munali anthu ena, Wamipope osaoneka.

Lachiwiri Mphunzitsi anabwera kudzametetsa tsitsi limene linali lisanakule n'komwe. Potuluka anaima pamene Kanong'ono ankachapa matawulo ndi madzi a m'kabeseni.

"Ndamva zimene zinachitika, chemwali. Pepani kwambiri. Ine ndinkangofuna kuthandiza."

"Mwathandiza, aphunzitsi. Mwandithandiza kukudziwani."

"Musatero. Munthu woti sangathe kudzilankhulira yekha angasunge banja? Lero Lachiwiri, ali kuti? Ena tili pompano, sitisowa."

"Zoona simusowa," anatero Kanong'ono akufinya tawulo. "Kale ndinkadabwa kuti gawo la mlendo mumalitha bwanji chonchi osavutika. Ndimayesa ndi luso."

Mphunzitsi anaseka, koma kuseka kwake kunathera m'mano. "Tiona Lachinayi," anatero, nachoka akupewa matope.

Mawu amenewo anamulowa Kanong'ono ngati munga. Bwanji ngati manyazi amuthawitsa Wamipope? Ndiye kuti bolodi lanena zoona, ndipo bambo ake sadzalolanso kumva dzina lake.

*

Lachitatu masana amayi ake anamupeza kukhitchini akungotembenuza foni m'manja.

"Uiboola ndi maso imeneyo," anatero, nakhala pambali pake. "Tamvera. Ukuganiza kuti bambo ako anakwiya chifukwa mnyamata uja wabwereka mawu?"

"Nanga n'chiyani, amayi?"

"Kodi unayamba wafunsapo kuti asanakhale telala ankasewera ngati ndani?"

Kanong'ono anawayang'ana.

"Mlendo, mwanawe. Ndipo tsiku limene anabwera kwathu kudzandipempha, ukuganiza ananena chiyani? Nyali yomweyo, manja omwewo. Agogo ako anali asanaonerepo sewero chibadwire, analira ndi chimwemwe."

"Bambo?"

"Omwewa. Kenaka anapita kutali kukafuna ntchito, nati miyezi iwiri. Ndinadikira chaka ndi theka. Anzanga ankandiseka, ena ankandibweretsera amuna. Atabwera anali ndi manyazi moti gawo la mlendo sanalikhudzenso mpaka lero."

"Koma anabwera."

"Anabwera, ndipo ndi awa akundisowetsa mtendere ndi choko chawo. Koma iwo amadziwa kuti panatsala pang'ono kuti asabwere. Lamlungu lija sanaone mnyamata wako ayi, anadziona okha."

Kanong'ono anatsamira paphewa la amayi ake. Kwa nthawi yoyamba sabata imeneyo anawamvera chisoni bambo ake.

*

Lachinayi a Sewero anatulutsa bolodi monga mwa masiku onse, koma anangolitsamiritsa osalembapo. Ankati akameta pang'ono, n'kusuzumira kunja. Kanong'ono anasesa pakhomo katatu.

Itakwana naini koloko, mpope wa pasinki unakhosomola. Unalavula mphepo, kenaka matope, kenaka madzi oyera anathovoka mwamphamvu mpaka kunyowetsa munthu amene ankametedwa. Kunja kunamveka nthungululu, zidebe zikugundana, anthu akuthamangira m'makwawo.

M'kati mwa chipwirikiticho, Wamipope anaima pakhomo. Analibe jekete. Anali mu ovolosi yamatope, maso ofiira ndi kutopa, kope lili m'manja.

"Odi, bambo."

A Sewero anatuluka, lumo lili m'manja.

"Lero ndi Lachinayi," anatero Wamipope. "Ndabwera."

Kenaka anapitiriza, mawu akutuluka limodzilimodzi.

"Bowo la mpope silinali pano. Linali kumtunda, pafupi ndi thanki. Takhala kumeneko masiku atatu, n'chifukwa chake sindinaoneke. Kope ili ndawerenga lonse popuma. Munthu uja ndi woipa, bambo, ndipo ndinalakwa kubwereka mawu ake. Mwana wanu sanandiphunzitse, anangondimvera chisoni. Ine mawu okoma ndilibe. Ndimadziwa kufufuza pamene pakudontha, ndipo sindichoka ndisanakonze. Mwana wanuyu ndimamukonda. Basi, ndi zomwezo."

Kanong'ono anamva misozi ikutentha m'maso. Sanamvepo munthuyo akulankhula nthawi yaitali chotero.

A Sewero anatsegula pakamwa. Munthu amene anali ndi mawu a mafuta, a magetsi ndi a maliro omwe anafufuza m'mutu mwake, gawo loyamba mpaka lomaliza, osapeza kanthu. M'sewero lonse mlendo sabwera, choncho telala alibe chonena kwa mlendo wobwera. Anapuma kamodzi, kawiri, katatu, kenaka anatembenukira kwa mwana wawo monga ankachitira pasiteji.

"Mwanawe, mawu anga ndi ati pamenepa?"

"Palibe, bambo," anatero Kanong'ono akuseka ndi misozi. "Kope linathera pakhomo. Nenani anu."

A Sewero anayang'ana lumo, nayang'ana matope a pa ovolosi. Amayi anali ataima kumbuyo kwawo, manja m'chiuno.

"Lowani, mwana wanga," anatero potsiriza. "Madzi abwera, musambe m'manja timwe tiyi."

*

Tiyi wa tsiku limenelo anakoma. A Sewero anafunsa za thanki, za makolo ake a mnyamatayo, ndipo anaseka mpaka kutsokomola atamva kuti Wamipope anakwiya ndi mlendo uja mpaka kufuna kung'amba tsamba. Koma Kanong'ono anaona kuti dzanja la bwenzi lakelo linkangopita kuthumba la pachifuwa n'kubwerera.

"Muli chiyani m'thumbamo?" anafunsa.

Wamipope anatulutsa kalata yopindidwa, naiika patebulo.

"Andipatsa m'mawa uno. Akuti ntchito ya kuthanki ndaigwira bwino, ndiye andisankha kukatsogolera anzanga kokaika mipope yatsopano, kutali, ulendo wa tsiku lathunthu. Miyezi itatu. Galimoto inyamuka mawa." Anayang'ana a Sewero. "Ndinaganiza zobisa mpaka madzulo, koma ndaona kuti ndinene pamaso panu. Ndipita, bambo, koma ndidzabwera."

Kumpope kunkamveka madzi akudzaza chidebe. Kudzera pawindo, Kanong'ono anaona Mphunzitsi ataima tsidya la msewu, akuyang'ana njinga ya Wamipope imene inali pakhomo.

A Sewero anayang'ana akazi awo. Amayiwo sanaphethire.

"Miyezi itatu," anatero bamboyo pang'onopang'ono. "Ine ndinati iwiri."

Kanong'ono anaimirira. Mantha anali nawo, sakanabisa, pakuti nkhani ya mtsikana woima pakhomo ankaidziwa kuposa wina aliyense. Anatenga choko pashelefu, natuluka panja pamene panali bolodi lopanda kanthu lija. Anajambula timizere khumi ndi titatu, kamodzi pa Lachinayi lililonse, Mphunzitsi akuonerera.

Wamipope anabwera kudzaima pambali pake, ndipo Kanong'ono anamupatsa chokocho m'manja.

"Khumi ndi tiwiri ndizifufuta ndekha," anatero. "Komalizaka udzafufute ndiwe."